Sabata yachisanu ndi chimodzi: ndasiya kusakasaka mfumukazi

Lero ndatsegula mng'oma kachinayi chilowereni njuchi, ndipo aka ndi koyamba kuutseka mtima uli m'malo. Maulendo atatu apitawo ndinkalimbikira kuona mfumukazi, njuchi yoikira mazira, ndi maso anga. Ndinkatulutsa chisa chilichonse, mng'oma uli chitsegukire kwa mphindi zoposa 30, mpaka njuchi zinapsa mtima n'kundiluma pamkono. Mfumukaziyo osaiona.

Ulendo uno ndinayamba ndi kufukiza utsi pang'ono pakhomo pa mng'oma, n'kudikira mphindi ziwiri. Utsi umaphimba fungo limene njuchi zimatulutsa pochenjezana za mdani, choncho sipafunika wochuluka. Kenako ndinanyamula chisa chimodzi chapakati, dzuwa lili kumsana, n'kusuzumira pansi pa timabowo. Mazira! Ang'onoang'ono, oyera mbee, limodzi m'kabowo kalikonse, ena ali njo chiimirire. Dzira limaswa pakatha masiku atatu, ndipo loimirira chonchi ndi longoikiridwa kumene. Ndiye kuti mayi wa mng'omawu alimo, akugwira ntchito yake, kaya ndamuona kaya ayi.

Pambali pa mazirawo panali mphutsi zoyera zodzipinda, ndipo cha pakati panali timabowo tomatidwa ndi phula lofiirira. Njuchi yantchito imatenga masiku 21 kuchokera pa dzira mpaka kutuluka, yaimuna 24, mfumukazi 16 okha. Ndalemba tsiku la lero m'kabuku kanga kuti ndidziwe nthawi yoyembekezera ana amenewa.

Chimodzi chandiwawa: zisa ziwiri zakumapeto zinalumikizana chifukwa ndinasiya danga lalikulu pakati pa mafelemu, timatabwa timene njuchi zimamangamo zisa. Njuchi zimafuna mpata wodutsira wa mamilimita 6 mpaka 9. Ukachepa zimaumata ndi utomoni, ukakula zimamangamo chisa. Lorenzo Langstroth wa ku America anazindikira zimenezi mu 1851, n'kupanga mng'oma wa mafelemu otheka kuchotsa osaswa zisa. Ndadula cholumikiziracho ndi mpeni mosamala, ngakhale mphutsi zingapo zapita nacho, ndipo ndasendeza mafelemu onse pamodzi.

Uchi ulimo, koma theka lake silinamatidwe. Wosamatidwa umakhala ndi madzi ambiri ndipo umasasa ukasungidwa, ndiye kufula kudikire kaye. Banja latsopanoli likuufunanso kuposa ine. Ndaika mbale ya madzi yokhala ndi timiyala chapafupi kuti zizitera pomwa osamira. Mng'oma sindiukhudzanso mpaka patapita masiku khumi.