Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Laimu wa pakhoma

Tinalekezera pamene ananditumiza kukaphunzitsa pasukulu ina kufupi ndi Nchalo, ine, mayi a kunyumba ndi ana atatu titapanikizana m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Lero ndinene za nyumba imene ndinagula. Anzanga amene munkandifunsa zaka zimenezo kuti bwanji ndikuonda ngati ndikudwala, yankho lanu ndi ili.

Ku Nchalo nyumba sisowa wolowamo. Nyengo yodula nzimbe ikayandikira anthu amakhamukira kuno kuchokera ku Nsanje, ku Thyolo, ku Mulanje mpaka kutsidya ku Mozambique, ndiye landilodi sanyengerera munthu. Wathu ankakweza lendi akangomva pa wailesi kuti aphunzitsi awawonjezera malipiro, ndalamayo isanalowe n'komwe ku banki. Chaka cha 2019 ndinati basi, zakwana. Ndinatenga ngongole ku SACCO, mayi anatulutsa masheya awo onse ku banki nkhonde, ndipo ng'ombe zinayi zimene malemu bambo anandisiyira ndinakazigulitsa ku Ngabu. Zonse pamodzi zinakwana K3.2 miliyoni. Chibadwire ndinali ndisanagwirepo ndalama zotere, moti usiku ndinkadzuka kukagwedeza chitseko ngakhale ndalamazo zinali ku banki.

Munthu ukakhala ndi ndalama, fungo limamveka. Pasanathe sabata, mnyamata wina wa kabaza, amenenso ndi dobadoba wa nyumba ndi mapoloti, anandiimitsa pamsewu. “Aphunzitsi, ndakupezerani nyumba ya mabwana. Mwini wake ali pachangu, akufuna ulendo wa ku Joni. Mukachedwa mawa kukubwera munthu wa ku Blantyre.” Munthu wa ku Blantyre ameneyu ndinadzadziwa pambuyo pake kuti amabwera mawa pa nyumba iliyonse yogulitsa m'Chigwa muno.

Tinapita kukaiona mu Okutobala, masana, dzuwa lija la kwathu kuno loti phula la mumsewu wa M1 limamata ku nsapato. Fumbi lokhalokha, mitsinje yonse mchenga. Nyumbayo inali ya njerwa zootcha, malata abwino, zipinda zogona zitatu, khonde lalikulu, mtengo wa nimu pabwalo, mjigo chapafupi. Koma chimene chinanditenga mtima ndi kuyera kwake. Mkati ndi kunja monse anali atapaka laimu watsopano, fungo lake likumvekabe, ndipo m'munsi mwa khoma anazunguliza penti wakuda wofika m'mawondo. Ndinati mumtima, awa ndiye anthu osamala zinthu.

Mayi sanalankhule zambiri. Anazungulira kuseri, anagogoda khoma ndi chala, kenako anaima pachitseko n'kufunsa chifukwa chake zitseko zonse zinali zatsopano pomwe mafelemu a mawindo anali akale, odyedwa ndi chiswe. Kenako anafunsa mwini nyumba uja, “Achimwene, madzi amafika pano?” Iye anaseka. “Pano ndi pamtunda, mayi. Chaka cha 2015 anthu ankathawira pompano.” Ine ndinaseka naye. Kwa inu a kumtunda kwenikweni, a ku Dedza ndi ku Ntcheu, dziwani kuti m'Chigwa muno malo akangokwera ngati chulu chophwasuka timati pamtunda.

Zolemberana zinachitikira pansi pa nimu pomwepo, papepala long'amba m'kope la mwana wa sukulu. Anyakwawa anadinda chidindo chawo, mboni ziwiri zinasaina, mayi ake a wogulitsayo anadinda chala. Za malamulo atsopano a malo a 2016 ndinkazimva pa wailesi, kuti malo a makolo azilembetsedwa kudzera m'komiti yotsogozedwa ndi agulupu, ya anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu mwa iwo amayi. Kumudzi kumeneko komiti yotere ndinali ndisanaione. Ndinkadziwanso kuti pepala la amfumu si lizi, kuti banki silingalilandire ngati chikole, ndi kuti lizi imafuna opima malo adzazike mabikoni, kenako maulendo okwera phiri kupita ku Blantyre. Ndinati ndidzachita ndikapuma ngongole.

Apa pali cholakwa chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero, chifukwa ndinachenjezedwa. Ine ndine Mmang'anja. Kwathu nkhani ya malo siitha popanda atsibweni, eni mbumba. Ndiye ndinaumirira kuti amalume ake a wogulitsayo akhalepo, ndipo anabweradi n'kusaina, ine mtima m'malo. Mayi a kunyumba ndi Asena a kwa Tengani, ndipo usiku womwewo anandiuza kuti, “Abambo, banja limeneli ndi la Chisena. Kumeneku analowola. Amalume amene mwawaitanawo ndi alendo ngati inu nomwe. Funsani abale a malemu bambo ake.” Ndinayankha kuti chidindo cha anyakwawa chilipo, nanga china n'chiyani.

Mu Disembala, titangolowa, ndinaweruka kusukulu n'kupeza bambo wina wachikulire atakhala pansi pa nimu, chipewa chili pabondo, akumwa madzi amene ana anamupatsa. Anali mng'ono wake wa malemu mwini malo, wochokera ku Mutarara. Sanakalipe. Anangonena mofatsa kuti m'bale wake anasiya ana ena anayi kwa mkazi woyamba, ndipo palibe amene anawafunsa. Foni ya wogulitsa uja inali itazima kalekale. Tinakhala pabwalo la amfumu Loweruka katatu, ndipo anyakwawa omwe anadinda aja ndi amene ankaweruza, nkhope ili gwa ngati pepalalo akuliona koyamba. Mapeto ake ndinapereka K350,000 ina ndi mbuzi, ana onse anayi n'kudinda zala papepala lachiwiri. Ndalama imeneyo ndinaitenga kwa wakatapila, ndipo za iyeyo sindifuna kuzikumbuka lero. Dobadoba uja ankandidutsa pamsewu akuliza belu, “Aphunzitsi, nyumba ikukoma?”

Inakomadi zaka ziwiri. Ndinadzala mapapaya, mayi anamanga khola la abakha, mwana wathu wachisamba anakhoza mayeso a Sitandade 8 akuwerengera pakhonde limenelo. Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti m'munsi mwa khoma munkatuluka zoyera ngati ufa, ndipo ukakanda njerwa inkanyenyeka. Amisiri anati ndi mchere wa m'nthaka, womwe uja umapangitsa madzi a m'mijigo yambiri ya ku Chikwawa kukhala owawasa. Ndinavomera n'kupitiriza moyo.

Usiku wa pa 24 Januwale 2022, namondwe Ana atafika, ife maso onse anali kummawa, ku Shire. Madzi anatidzera kumbuyo, kuchokera ku mitsinje yotsika m'mapiri a kumadzulo, ija imakhala mchenga chaka chonse. Ndinadzidzimuka ndi phokoso la mapoto akugundana kukhitchini, akuyandama. Potuluka pakhomo madzi anali m'chiuno, mwana wamng'ono ali paphewa, masatifiketi anga ali m'jumbo yomwe ndinaluma ndi mano. Tinakagona m'kalasi yomwe ndinkaphunzitsamo, mabanja khumi ndi angapo chipinda chimodzi. Ndi usiku umene damu la ku Kapichira linagumuka, dziko lonse n'kulowa mumdima, magetsi n'kumazimazima kwa miyezi yambiri, msewu wa M1 n'kuduka. Abakha sitinawaonenso.

Madzi ataphwa ndinabwerera ndi fosholo kukachotsa matope. Laimu yense anali atasendeka ngati khungu la njoka, ndipo pakhoma la pabalaza panaoneka mizere itatu yofiirira, yowongoka bwino ngati wajambula ndi rula. Wapamwamba unali watsopano. Iwiri inayo inali yakale. Agogo a nyumba yoyandikana nafe analowa ndi ndodo yawo, n'kuloza: “Uwu ndi wa 2015. Uwu ndi wa Idai, Malichi wa chaka chomwe munagulacho. Madzi saiwala khwawa, aphunzitsi.” Ndinawafunsa kuti nanga bwanji sanandiuze tsiku lija, pomwe anali pakhonde pawo akutiona tikuzungulira nyumba. Anandiyang'ana. “Munatifunsa?”

Tinakonza, tinalowanso. Mu Malichi 2023 Freddy anawonjezera mzere wachinayi, ndipo khoma la kukhitchini linang'ambika kuyambira pansi mpaka pa lintala. Mayi anati iwo mvula ina sadzaidikirira m'nyumba imeneyo, kaya ndiwatsatira kaya nditsala.

Ndinkaganiza kuti kugula ndiye kovuta. Kugulitsa kunandionetsa zina. Anthu a m'deralo onse ankaidziwa nyumbayo, ndiye ankabwera kudzangoona, kumwa madzi, n'kutchula mtengo wa njinga yamoto. Wina anafuna kundipatsa ng'ombe ziwiri ndi lonjezo. Wina anati alowe kaye, azilipira pang'onopang'ono thonje likagulidwa. Achibale nawo atangomva kuti ndikugulitsa, mavuto awo onse anadzuka tsiku limodzi: fizi, maliro, milandu, ndalama ndisanaione ndi maso. Ngongole ya ku SACCO inali ikudulidwabe pa malipiro mwezi ndi mwezi, ya nyumba imene ndinkaopa kugonamo kukachita mitambo.

Kenako anabwera yemwe uja wa kabaza. Anakhala pakhonde ngati m'bale. “Aphunzitsi, mukulakwitsa nyengo. Nyumba ya kuno sagulitsa udzu uli wobiriwira. Dikirani Okutobala. Gulani laimu matumba awiri, penti wakuda, mng'alu uwo mumate. Munthu ndikupezerani wa kutali, ine yanga ndi teni pelesenti.”

Ndikanakonda kulemba pano kuti ndinamuthamangitsa. Ndinagula laimuyo. Ndinkapaka m'mamawa kusanache, ndikudziuza kuti ndikuthawa dzuwa. Mzere wa 2015 unafuna kupaka kawiri, wa Ana katatu, chifukwa ukauma unkatulukiranso ngati ukundisuzumira. Mayi anakana ngakhale kunditungira madzi. Anati, “Mjigo mukuudziwa. Ine madzi osungunulira bodza sinditunga.” Masiku amenewo nsima tinkadya mwakachetechete. Agogo aja ankakhala pakhonde pawo, osanena kanthu, akungopeta mapira awo.

Wa kutali uja anabweradi kumapeto kwa Okutobala 2023: bambo wopuma ntchito ku Blantyre, kwawo kochokera ku Bangula, ali ndi akazi awo. Ndinatchula K7 miliyoni. Bamboyo anayamikira kuyera kwa makoma ndi mawu omwe ine ndinalankhula mumtima zaka zinayi m'mbuyomo, ndipo ndinamva thukuta lozizira kumsana. Funso lija ndinkalidikira, yankho nditalikonza kale, loti madzi amangodutsa pabwalo. Koma mayiwo sanafunse. Anapempha kupita kuchimbudzi. Chimbudzi chathu chinali chakunja, cha njerwa, ndipo mkati mwake sindinaganizeko zopakamo. Atabwerako anasamba m'manja pang'onopang'ono, anakhala pampando, n'kunena kuti, “Aphunzitsi, mizere inayi ili m'chimbudzimo, wapamwambawo ndi wa chaka chiti?”

Ndinawauza zonse, chaka ndi chaka, mpaka mng'alu wa kukhitchini. Sindinganame kuti unali ulemu wanga, ndinagwidwa basi. Dobadoba anatuluka kukayankha foni imene sinaitane. Chodabwitsa n'chakuti sananyamuke. Bamboyo anati iwo sadzakhalamo, akufuna yochititsa lendi kwa anthu a nzimbe, amene ambiri amakhala atabwerera kwawo mvula ikamafika pachimake. Anatsitsa mtengo kufika pa K5 miliyoni, ine ndinalibe pakamwa pokanira. Ulendo uno ndinaitana aliyense: anyakwawa, agulupu, mayi a kunyumba, ngakhale mmodzi wa ana anayi aja kuti aone ndi maso ake, ndipo mapepala onse awiri akale tinawamata kumbuyo kwa latsopano. Anapereka theka, theka linalo anati kumapeto kwa Novembala ndalama zawo za penshoni zikatuluka. Sindinalembetse kuti zikachedwa zidzatani.

Pa 9 Novembala kwacha inagwa ndi 44 pelesenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ine dola sindinaigwirepo, koma ndinaimvera pa simenti ndi malata. M'thumba ndinali ndi kapepala ka mitengo kamene ndinalembetsa kusitolo ya zomangira sabata ziwiri m'mbuyomo, poganiza zokamanga ku Ngabu. Nditabwerera nako, mwini sitolo anakayang'ana n'kundibwezera, akuti ndikasunge ngati chikumbutso. Theka lija silinabwere mu Novembala. Ndinaimba foni mpaka manyazi anandithera, ndipo yankho linali limodzi: mafayilo akuyenda. Linafika mu Febuluwale 2024, K2.5 miliyoni yokwanira bwino monga tinalemberana, koma malata amene ikanagula mu Okutobala tsopano anali ongokwana denga la mbali imodzi. Za poloti ya ku Ngabu, imene ndinachita dala kukaiona mvula ikugwa mpaka dothi la makande linandivula nsapato, ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.

Tsiku lopereka makiyi tinakweza katundu pangolo ziwiri za ng'ombe. Agogo aja anabwera kudzatsanzikana ndi mayi, anawapatsa malambe m'kathumba kuti ana azikadya m'njira. Nditanyamula thumba la laimu lotsala theka kuti ndiliponye pangolo, bambo wogula uja anandigwira mkono.

“Limenelo lisiyeni, aphunzitsi. Ndilifuna.”