Mapu a Burkitt ndi zitunda zathu za ku Angónia

Tsopano mtima wanga wakhala pansi, chifukwa ndamvetsa chimene dzina la Denis Burkitt silisowera paliponse pamene pakukambidwa za khansa ya ana. Za momwe chotupa cha khansa chotchedwa dzina lake, Burkitt lymphoma, chimaonekera pansagwada kapena m'mimba, ndi changu chimene chimakulira, sindinenapo kanthu, popeza anzanga amene tikuphunzira limodzi zachipatala kuno ku Tete mukuzidziwa kale.

Chimene chanditsegula mutu ndi mapu ake osonyeza kumene chotupacho chimapezeka ndi kumene chimasowa. Burkitt anali dokotala wa opaleshoni pachipatala cha Mulago ku Kampala, ndipo atalemba za matendawa koyamba mu 1958, anatumiza zithunzi ndi mafunso kuzipatala zaboma ndi zamishoni. Mu 1961 iye ndi madokotala anzake awiri anayenda pagalimoto makilomita pafupifupi 16,000, ndipo paliponse ankafunsa ngati ana otere amaoneka kumeneko. Kwa iye yankho loti "ayi" linali lofunika mofanana ndi loti "inde". Ku Uganda chotupacho chinkasowa m'malo okwera kuposa mamita 1,500, koma popita kummwera malirewo ankatsikiratsikira, kusonyeza kuti nkhani yagona pa kuzizira, osati pa kukwera kwa malo. Kumene kumazizira udzudzu suchuluka, ndipo malungo obwerezabwereza ndiwo amafooketsa thupi la mwana mpaka kachilombo ka Epstein-Barr, kamene kamayambitsa nawo khansayi, n'kupeza mpata. Kachilomboko kanapezeka ku London mu 1964, m'zidutswa za zotupa zimene Burkitt yemweyo ankatumiza.

Munthu wochoka mumzinda wa Tete, m'mphepete mwa Zambezi momwe kutentha kumasowetsa tulo, akadzera ku Moatize mpaka kukafika ku Ulónguè, m'zitunda za ku Angónia, kumene m'mwezi wa Juni anthu amaothera moto m'mamawa, amakhala atadutsa mbali zonse ziwiri za mapuwo tsiku limodzi. N'chifukwa chake ndikuona kuti palibe chida cha kafukufuku choposa kaundula wa pachipatala chakumudzi, bola wolembayo asalumphe mzere wa kumene wodwala wachokera. Makina odula angathe kudikira. Namwino amene amafunsa modekha kuti, "Mayi, mudzi wanu ndi uti, ndipo mwanayu wadwala malungo kangati chaka chino?" akuchita kale ntchito ya Burkitt.

Chondiwawa n'chakuti m'kalasi nkhani yonseyi inadutsa ngati mzere umodzi wofunika kuloweza, m'Chipwitikizi cholemera, aphunzitsi akuthamangira kumaliza mutu mayeso asanafike. Anatipatsa dzina la mankhwala a cyclophosphamide, amene amatha kuphwetsa chotupacho m'masiku ochepa, koma za momwe munthu amaganizira kuti afike pa yankho sanatiuze, ndipo kuwodi nako odwala amachuluka moti kaundula amalembedwa mothamanga.

Komabe pali pamene pakundizunguza. Mudzi ukakhala kuti sukupezeka m'kaundula, tinganene kuti kulibe matendawa, kapena kuti makolo ake analephera ndalama yoyendera, anayamba apita kwa asing'anga, mwinanso anawolokera ku Dedza poona kuti n'kufupi? Burkitt ankawerenga ana okhawo amene anafika pachipatala, ndipo ife tidzawerenganso omwewo. Momwe dokotala wakumudzi angawerengere osafikawo ndi funso limene ndikulimbana nalobe.