Mphika umodzi, mibadwo itatu: sabata ya kafukufuku ku Mchinji

Ntchito yanga ndi yoyang'anira gulu la anthu 6 amene amayenda khomo ndi khomo kufunsa mafunso a kafukufuku wokhudza moyo wa m'banja: ukwati, kubereka, magawidwe a ntchito pakati pa mwamuna ndi mkazi, komanso momwe okalamba akukhalira. Pa banja lililonse limene lasankhidwa timayesetsa kucheza ndi mibadwo itatu, aliyense payekha. Sabata yatha tinali m'midzi ina ya cha ku Mkanda m'boma la Mchinji, nyengo ya mphepo yozizira ya Julaye, anthu ali kalikiliki kuswa mtedza. Mayina a midzi ndi a anthu sinditchula, popeza tinalonjeza kuwasungira chinsinsi.

Lolemba sitinafunse funso ngakhale limodzi. Tinakaonekera kwa a gulupu, kenako kwa anyakwawa atatu, ndipo kulikonse funso loyamba linali lakuti tabweretsa chiyani. Funsoli silidabwitsa, chifukwa ndondomeko ya Mtukula Pakhomo inayambira kuno ku Mchinji mu 2006, ndiye munthu wachilendo akafika ndi cholembera n'kumafunsa mayina, anthu amaganiza za ndalama. Tikalephera kufotokoza bwino pa tsiku loyamba, zotsatira zake zimaonekera m'mayankho: mabanja amakula mwadzidzidzi, ana amasiye amachuluka, mbuzi ndi njinga zimasowa. Choncho ndinabwereza kangapo pabwalo kuti sitikulemba mayina a thandizo, kuti wosafuna kuyankha ali ndi ufulu wokana, ndiponso kuti sititenga magazi. Mwayi wake ngwakuti anthu a ku Mchinji ofufuza anawazolowera. Kafukufuku wa Malawi Longitudinal Study of Families and Health wakhala akutsatira mabanja m'bomali kuyambira mu 1998, pamodzi ndi ku Balaka ndi ku Rumphi, ndipo maboma atatuwa amasiyana pa ukwati: ku Rumphi mkazi amalowoledwa n'kupita kwa mwamuna, ku Balaka chikamwini n'chofala, pamene ku Mchinji chikamwini ndi chitengwa zimayendera limodzi.

Lachiwiri ndinatsagana ndi mtsikana wina wa m'gulu langa, amene wangoyamba ntchitoyi chaka chino, kuti ndimve mafunsidwe ake. Tinapeza agogo ena aakazi ali pamkeka kuseri kwa nkhokwe, lichero la mtedza lili pamiyendo. Atamva cholinga chathu anadinda chala pa fomu ya chilolezo, ndipo vuto linayambira pa funso lachiwiri lenileni, la zaka zakubadwa. Chiphaso chawo cha unzika chinali ndi chaka, koma iwo eni anaseka n'kunena kuti chakacho anangochitchula pa tsiku lolembetsa kuti mzere uyende. Pa zotere timagwiritsa ntchito mndandanda wa zochitika zodziwika. Mtsikana uja anafunsa ngati akukumbukira nthawi imene boma lino linkatchedwa Fort Manning, iwo anati anali kamwana. Atafunsidwa za ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown mu 1974, nkhope yawo inasintha. Anati amuna awo anali ku Joni nthawi imeneyo, iwo ali ndi mwana wachiwiri kumsana, ndipo mudzi wonse unkadikira kumva mayina a omwalira. Kuchokera pamenepo tinawerengera chobwerera m'mbuyo, mwana woyamba, ukwati, chinamwali, mpaka tinafika chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950.

Atafunsidwa kuti anabereka ana angati, anayankha mosazengereza kuti 5. Chala cha mtsikana uja chinali chitayamba kale kulowera ku funso lotsatira, koma ndinamukodola kuti awerenge kafunso kamene kali pansi pake, kofunsa za ana amene anabadwa amoyo, analirako kapena kupuma, koma anatisiya. Agogo anaika lichero pansi. Anakhala chete kanthawi, kenako anayamba kupinda zala, osatchula mayina koma nyengo: wina anapita ndi chikuku akukwawa, wina chaka chimene dzinja linachedwa, wina anamwalira ali wamkulu ali ndi ana akeake, ndipo wina sanatuluke n'komwe m'chikuta. Wotsirizayu anati, "Ameneyo mwanawe sitimuwerenga, anakamuika ndi amayi okhaokha." Tinamuwerenga, ndipo ana onse anakwana 9. Madzulo ake ndinauza gulu lonse kuti yankho loyamba pa funso limeneli nthawi zambiri limakhala la ana amoyo okha, ndipo wofunsa wopupuluma amachepetsa chiwerengero cha obadwa ndi cha omwalira nthawi imodzi.

Ziwerengero za dziko lonse zimene timaziona m'malipoti zimamangidwa ndi mayankho ngati amenewa. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey, amene amachitidwa ndi ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba, anapeza kuti mu 1992 mayi mmodzi ankabereka ana 6.7 tikagawa mofanana, mu 2010 anali 5.7, ndipo pofika mu 2015-16 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 4.4. Pa zaka zomwezo, amayi apabanja ogwiritsa ntchito njira zamakono zakulera anachoka pa 7 mwa 100 alionse kufika pa 58. Pakhomo la agogo aja kutsika kumeneku ndinakuona ndi maso. Iwo atafunsidwa kuti akanakonda ana angati akanakhala kuti akuyambiranso moyo, anati ana amapereka ndi Mulungu, ndipo tabuleti, kachipangizo kamene timalembamo mayankho, ili ndi malo a yankho lotero. Mwana wawo wamkazi, amene nyumba yake ili pafupi pomwepo, anabereka 6 kenako anatseketsa. Mdzukulu wawo wa zaka 22 ali ndi mwana mmodzi, amabayitsa jakisoni kwa mlangizi wa zaumoyo miyezi itatu iliyonse, ndipo anati 3 akwana, chifukwa munda umene agogo ake ankalima okha tsopano unadulidwa zigawozigawo.

Komabe sindigwirizana ndi amene amalemba ngati kuti kulera kunabwera ndi chipatala. Boma linaloleza ndondomeko yotalikitsa nthawi pakati pa ana mu 1982, koma agogowo anatifotokozera za mkuzi wa mfundo umene ankamanga m'chiuno, za kudika mwana asanatengedwe, ndiponso za manyazi amene ankagwera mayi wotumbiza. Mbadwo wawo unkasamala za mpata pakati pa mwana ndi mnzake. Chachilendo kwa iwo n'chakuti munthu angatchule nambala n'kunena kuti apa ndalekeza.

Gawo limene landisowetsa mtendere sabata yonse ndi la chithandizo. Fomu yathu ili ndi mafunso ambiri ofuna kudziwa amene amathandiza munthu wokalamba: ndani amamutumizira ndalama, kangati, ndani amamutungira madzi, ndani amamuperekeza kuchipatala. Agogo anatchula mwana wawo wamwamuna wa ku Lilongwe, amene amatumiza kangachepe pa foni akakumbukira. Pa tabuleti zinaoneka ngati nkhalamba yodalira ana. Koma pamene tinkalemba anthu a pakhomo, pogwiritsa ntchito lamulo lathu lakuti banja ndi anthu amene amadyera mphika umodzi, tinapeza kuti mphika wa agogowo umadyetsa ana 4. Awiri ndi zidzukulutudzi, ana a mdzukulu amene iwo omwe anamulera mayi ake atamwalira mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004. Awiri enawo anasiyidwa ndi mwana wawo wina wamkazi amene anakwatiwanso chitengwa, mwamuna watsopanoyo n'kukana ana a mwini. Mtedza umene ankaswa unali wokagulitsa kuti apeze yunifomu ndi makope. Za chithandizo chimene wokalamba amapereka fomu ili ndi mafunso awiri okha, ndipo onse ndi a ndalama. Kulera, kuphika, kudikirira mwana wodwala usiku, zonsezo zilibe polemba. M'dziko limene kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, oposa theka ali osakwana zaka 18, ndikuona kuti funso lathu linapangidwa moyang'ana mbali imodzi. Ndinalemba zimenezi m'lipoti langa lopita kwa akuluakulu a kafukufukuyu, ngakhale ndikudziwa kuti fomu siisinthidwa ntchito ili mkati, kuopa kuti mayankho a midzi yoyamba angalephere kufananizidwa ndi a midzi yotsiriza.

Lachitatu kunagwa maliro m'mudzi woyandikana nawo, ndipo ntchito inaima. Tinasonkha chipepeso, tinakakhala pasiwa mpaka mwambo wa kumanda utatha, matabuleti titawatsekera m'galimoto.

Lachinayi linali tsiku la abambo, ndipo abambo amafunsidwa ndi amuna anzawo. Funso lakuti mutu wa banja ndani limayankhidwa msanga, pafupifupi mwamuna aliyense amadzitchula yekha ndipo mkazi wake amavomereza. Zovuta zimayamba tikafunsa mwini munda. Mkamwini wina anati munda ndi wake chifukwa ndiye amagula feteleza, koma atafunsidwa ngati angaugulitse kapena kuubwereketsa anaseka n'kunena kuti zimenezo n'za eni mbumba. Ngakhale za ukwati wa mwana wake wamkazi anati mawu omaliza ndi a atsibweni ake a mwanayo. Nawonso mafunso a yemwe amalamula pa ndalama za fodya kapena soya amafuna malo obisika, popeza mkazi kapena mwamuna akakhala chapafupi yankho limakhala limodzi lokha, lakuti timagwirizana. N'chifukwa chake timanyamula mpando kupita nawo pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi khonde. Ndaonanso kuti chiyambireni lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, kumene kunakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu woyambira kulowa m'banja, amayi achitsikana ambiri amati anakwatiwa ali ndi zaka 18 ndendende, ngakhale msinkhu wa mwana wawo woyamba ukutsutsa. Wofunsa sayenera kukangana nawo, amangobwereza funso modekha ndi kukumbutsa kuti ife si apolisi.

Masana a tsikulo ndinakhala nawo pa kucheza ndi bambo wina wokalamba amene amagona m'kanyumba ka chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya mdzukulu wa mlongo wake. Anakhala pa chikamwini zaka zoposa 40, anamanga nyumba ya njerwa ndi kubzala mitengo, koma mkazi wake atamwalira anasudzulidwa n'kubwerera kwawo ndi thumba la zovala ndi khasu. Ana ake anatsala kumudzi kwa mayi awo, pamtunda wa tsiku lathunthu pa njinga. Pamene tinamupatsa kachipangizo koyezera mphamvu ya dzanja, anakafinya mano ali gwa, mitsempha ya m'khosi itatuluka, kenako anafunsa ngati waposa anzake a m'mudzimo. Titafika pa funso lakuti amacheza ndi anthu angati pa sabata, anayang'ana pansi n'kuyankha kuti, "Ambuye, nkhalamba yamphongo ikamayendayenda m'makomo amati ndi mfiti." Fomu inalandira nambala 1.

Lachisanu ndinakhala pa kompyuta kuyambira m'mamawa, kuunika zimene zalowa. Tabuleti imasunga nthawi imene kucheza kwayamba ndi kutha, ndipo ndinaona kuti mnyamata mmodzi akumaliza pa mphindi 35 fomu imene anzake amatenga nayo ola ndi theka. Nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti okalamba onse amene iye anawafunsa analibe mwana wokhala kutali. Chinsinsi chake n'chakuti mwana aliyense wotchulidwa amatsegula mafunso ena khumi ndi angapo, ndiye polemba 0 gawo lonse limadumphidwa. Ndinakwera njinga ya kabaza kupita ku makomo awiri mwa amenewo, ndipo pa khomo loyamba lenilenilo mayi anandiwerengera ana atatu, wina ku Chipata, wina ku Kasungu ku esiteti ya fodya, wina ku Johannesburg. Mnyamatayo sanakane. Anati ankaopa kutsalira pa chiwerengero cha tsiku, ndipo pamenepo mlandu wina ndi wanga, chifukwa madzulo alionse ndinkayamba ndi kufunsa kuti wamaliza angati, m'malo mofunsa kuti wamva zotani. Ndinamuchenjeza polemba, ndipo mafomu ake 7 anayenera kubwerezedwa.

Loweruka gulu linagawana makomo 7 aja, ine ndinabwerera kwa agogo a Lachiwiri, popeza tinali titaiwala tsamba lomaliza. Kafukufuku wathu ngwobwereza, tidzafikanso pa makomo omwewa pakapita zaka ziwiri, choncho timalemba munthu amene angadzatiuze komwe woyankha ali ngati titadzamusowa. Ndinawafotokozera zimenezi mozungulira, koma iwo anamva msanga. Anaitana mdzukulu wawo wa zaka 22 uja, amene anabwera akupukuta manja pa chitenje, n'kumuuza kuti atchule nambala ya foni yake. Kenako anandifunsa ngati ana 4 aja nawonso alembedwa, kuti tikadzabwera tidzafunse komwe adzakhale akudyera. Ndinatsegula tsamba la anthu a pakhomo n'kuwawerengera mayina anayiwo mmodzimmodzi, iwo akuvomera ndi mutu.