A Nemoni anatsala pang'ono kundithetsera banja

Ndaphikira mabwana a m'maesiteti a tiyi kuno ku Thyolo kwa zaka 14. Ndasamalirapo agalu odya bwino kuposa ana anga, ndasamalirapo mphaka wogona pa khushoni, koma palibe chiweto chinandionetsa zakuda ngati a Nemoni.

Bwana amene ndikumugwirira panopa anakhalako ku Durban, ndipo anabwerako ndi matenda okonda za m'nyanja yamchere. Pabalaza pake pali kathanki kagalasi ka malita 40. Muli miyala, tinsomba tiwiri tofiirira ta mizere yoyera, ndi chinthu china chonga duwa, cha timanja tambirimbiri totupa kunsonga. Tsiku loyamba ndinafunsa kuti duwa lokhala kale m'madzi limathiriridwa bwanji. Bwana anaseka nati si duwa, ndi nyama, dzina lake anemone. Ine m'makutu mwanga munalowa "a Nemoni", ngati a Nabanda kapena a Naphiri, ndipo dzinalo linakhazikika.

Mu June bwana anapita kutchuthi cha masabata atatu. Asananyamuke anandiimika pathankipo. Nyali iziyaka tsiku lonse, akuti m'thupi mwa nyamayi mumakhala tindere timene timaipangira chakudya ndi kuwala, ndipo tikachoka imayera mbee n'kuyamba kufa ndi njala. Madzi azikhala pa madigiri 25, chiperoni chiwombe chisawombe. Chakudya chake kachidutswa ka prawn, kanyama ka m'madzi ka mtundu wa nkhanu, kawiri pa sabata. Madzi akatsika pamzere, ndizionjezera a m'chigubu choyera.

"Mwamva, madala?"

"Ndamva, bwana."

Patapita masiku awiri madzi anatsikadi. Khukhi sathira chinthu asanalawe, choncho ndinalawa a m'chigubu: ozizira lilime, opanda n'kamchere komwe. Ndinalawa a m'thanki: mchere wokhawokha, pajatu m'nyanja lita imodzi imanyamula magalamu 35. Ndinamumvera chisoni bwana. Munthu wophunzira chotere, changu cha ulendo chamuiwalitsa kuthira mchere m'chigubu! Ndinatenga paketi ya kukhitchini, n'kumasungunula masipuni odzadza bwino, tsiku ndi tsiku, mtima uli mbee kuti ndikupulumutsa katundu wa bwana.

Sabata isanathe, m'mawa wina ndinapeza a Nemoni palibe pamwala pawo. Anali kuseri, pafupi ndi pampu. Ndinathamangira kwa alonda.

"Achimwene, ndani walowa m'nyumba usiku?"

"Makiyi muli nawo ndinu. Mwina duwa lanulo ndi la zitsamba."

Usiku umenewo ndinakhala pampando kudikira mfiti. Mfiti sinabwere. Amene ankayenda anali a Nemoni eni ake, kukwawa ndi phazi lawo limodzi pang'onopang'ono moti nkhono ikanawapitirira. Bwana anali atanenapo kuti nyamayi ikanyansidwa ndi malo imasamuka, ndipo ikakokedwa ndi pampu imanyenyeka, madzi onse n'kuwola tsiku lomwelo, chifukwa kathanki kakang'ono sikakhululuka. Ndinakulunga pampuyo ndi siponji n'kuyamba kugona pabalaza pomwepo.

Apa ndi pamene nkhani inafika kunyumba.

"Abambo, masiku ano mukumagona kuti?"

"A Nemoni sakupeza bwino. Akukana kudya."

Mayi akunyumba anaika chipande pansi. "A Nemoni?"

"Eya. Bwana anandisiyira kuti ndiziwasamalira."

"Amadya chiyani a Nemoni anuwo?"

"Prawn. Ndimawadyetsa ndekha, pakamwa."

"Ife kuno chigwada."

Ndikanakhala munthu wanzeru ndikanafotokoza pomwepo. Koma mutu wanga unali kuthanki, ndinangotenga jekete n'kubwerera.

Tsiku lakhumi a Nemoni anaphwa. Timanja tonse tinafota ngati masamba a nkhwani ofutsa, kukamwa kuli yasa. Pakamwa pomwepo, ndikuuzeni, ndi pamenenso amatulutsira zonyansa, khomo ndi limodzi basi. Ndinati amwalira, ndiwachotse asanaphe tinsomba. Ndinapinda malaya n'kupisa mkono. Maliro aja anakakamira mwala, ndipo timanja tinandikwapula pamkono pofewa apa. Amene anagwerapo m'chitedze akudziwa zimene ndikunena. Tinsomba timagona m'timanja tomweto osamva kanthu, koma ine amene ndimawadyetsa ndinatuluka timatuza mizeremizere.

Madzulo mayi anaona mkono.

"Wakukandani ndani?"

"A Nemoni. Ndimati ndiwanyamule."

M'mawa mwake, nkhungu isanachoke m'minda ya tiyi, ndinamva odi kukhomo la khitchini. Mayi akunyumba, chitenje chomangidwa m'chiuno mwa nkhondo, kumbuyo kwawo amalume awo amene ndi ankhoswe athu, atavala jekete ya kutchalitchi.

"Apongozi," anatero amalume, "tabwera kudzaonana ndi mayi Nemoni."

Ndinawatsogolera pabalaza n'kuloza. Amalume anavula chipewa, anasuzumira, anayang'ana ine, anasuzumiranso. Kenako anakhala pansi pa kapeti n'kuseka mpaka kutsokomola. Mayi sanaseke. Anandifunsa zonse zimene ndakhala ndikuchita, ndipo nditafika pa za mchere anaviika chala m'madzi, kulawa, kulavula.

"Inu mumati ndinu khukhi?"

"Zaka 14."

"Ndiwo zikaphwera pamoto, mumathira mchere kapena madzi?"

Ndinangoti kakasi. Chimene chimauluka ndi madzi, mchere umatsala momwemo. Ndi chifukwa chake bwana anasiya madzi osalala m'chigubu. Ine ndinali nditawafutsa a Nemoni ngati nsomba ya pamsika wa Bvumbwe, ndiponso ndi mchere wolakwika, pakuti wa m'thanki ndi wapadera, wosakaniza ndi zina za m'nyanja, ndipo ndowa yake inali phee m'sitolo. Ndinakumbuka kachipangizo kosuzumira koyezera mchere wa m'madzi kamene bwana anandionetsa. Kamayenera kuloza 1.025. Kanaloza 1.031.

Masiku asanu otsatira ndinkatunga kapu imodzi n'kubwezera ya m'chigubu, kudikira, kutunganso, chifukwa kutsitsa mchere mwadzidzidzi nakonso kumapha. Mayi ankabwera kudzayang'anira ngati kapitawo wa m'munda. Pang'onopang'ono timanja tinayambanso kutupa.

Kutatsala masiku awiri kuti bwana afike, ndinapeza a Nemoni atadzikoka uku ndi uku, pakati pakung'ambika. Ndinayamba kuwerengera kuti malipiro a miyezi ingati alowa pamenepa. Pofika mawa lake m'thanki munali a Nemoni awiri, aliyense pamwala pake. Mdzukulu wa amalume anafufuza pafoni nati mtundu umenewu umagawikana chonchi ukakhuta bwino, komanso ukazunzika kwambiri. Sindinafunse kuti ife tili mbali iti.

Bwana atalowa anaponya chikwama pansi.

"Madala! Zaka zitatu sinagawikanepo! Mwachita bwanji?"

"Kusamala basi, bwana."

Anandipatsa ya fanta yonenepa, ndipo akuti aitanitsa thanki yachiwiri kuti ndizichita zomwezo. Paketi ya mchere ndinagula ina ndi ndalama zanga n'kubwezera mwakachetechete. Kunyumba nkhani inatha, kungoti ndikamafika madzulo mayi amandilandira thumba n'kufunsa mokweza, kuti anansi amve, ngati akazi anzawo awiri aja adya.