Sabata ya 7: ndaphwasula masitepe

Kanyumba kanga ka makatoni kaja kabwerera m'mbuyo sabata ino, ndipo wolakwa ndine ndemwe.

Kwa amene mwangondipeza kumene, ndikumanga kachifanizo ka fulati ya nsanjika zisanu, pa muyeso wa 1:50, kutanthauza kuti sentimita imodzi pathebulo panga ndi theka la mita pa nyumba yeniyeni. Zipangizo ndi zomwezija: makatoni a ku shopu ya pakona, guluu wa matabwa, lezala ndi timitengo ta machesi. Ndinali nditafika pa nsanjika yachinayi, ndikunyadira masitepe anga amodzi okongola pakatikati, mpaka mnzanga wina wojambula mapulani atabwera Loweruka. Anangosuzumira n'kufunsa kuti, "Achimwene, moto ukayambira pa masitepewa, a pamwambawa atsikira pati?" Ndinasowa pogwira.

Anandibwereka SANS 10400 gawo T, buku lofotokoza zoteteza ku moto pomanga nyumba kuno ku South Africa, pansi pa lamulo la zomangamanga la 1977. Chingerezi chake n'chouma ngati chikonyo, koma mfundo yandilowa. Nyumba ikapitirira nsanjika zitatu, njira zothawira zikhale ziwiri kapena kuposerapo, ndipo masitepe othawirapo atchingidwe ndi makoma otha kulimbana ndi moto kwa mphindi 120. Palinso malire a mamita 45 pa mtunda umene munthu angayende asanafike pa chitseko chothawira. Pa muyeso wanga amenewo ndi masentimita 90, ndiye ndinadula ulusi wofiira wotalika choncho n'kumaukhotetsa m'kolido kuyambira kuchipinda chakumapeto. Unakwana, koma movutikira.

Lamlungu lonse ndinali ndi lezala m'manja. Guluu wa matabwa akagwira wagwira, moti khoma limodzi linang'ambika ndipo chala chamkombaphala chili ndi pulasitala. Tsopano masitepe alipo awiri, kumapeto kuno ndi uko, aliwonse m'kabokosi kakekake. Makoma a timabokosito ndawapanga a katoni yophatikiza kawiri kuti ooneka ndi maso azidziwa kuti si makoma wamba. Titseko khumi ndinatimatula n'kutitembenuza kuti tizitsegukira kumene munthu akuthawira. Poyamba ndinkati n'zachabechabe, koma taganizani anthu makumi atatu akukankhana kumbuyo kwanu mu utsi, inu mukufuna kukokera chitseko mkati.

Ndikudula titsekoto maganizo anali ku nyumba yotchedwa Usindiso. Tonse okhala mu Johannesburg tikukumbuka m'bandakucha wa pa 31 Ogasiti 2023, pamene nyumba ija ya mu Albert Street ku Marshalltown inapsa n'kupha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Nayonso inali ya nsanjika zisanu. Mkati anali atagawamo tizipinda ta matabwa, njira zina zotulukira zili zotseka, anthu mpaka kumadumphira pawindo. N'chifukwa chake zitsulo za pawindo zimene ndinakonza ndi waya sabata yatha ndazichotsa pa kolido yonse, ngakhale zinkaoneka bwino.

Mayi a kunyumba akuti thebulo lodyera alifuna pofika Lachisanu. Zatsala ndi denga, tizikwangwani tobiriwira tolozera potulukira, ndi timabotolo tozimitsira moto, timene ndikuganiza zopanga ndi zotsekera mabolopeni ofiira. Amene ali nazo zotha ntchito andisungire zisanu.