Sabata ya Bolopeni Yofiira

Lolemba m'mawa ndinapeza mapepala 46 ataunjikidwa kale patebulo panga. Ndimaphunzitsa mbiri yakale pa koleji ina ya aphunzitsi muno mu Lusaka, ndipo chaka chilichonse ophunzira a chaka choyamba amalemba pepala la kafukufuku la masamba asanu pa nyengo zoyambirira za mbiri ya dziko lapansi, kuchokera pamene anthu ankasema miyala kukhala zida mpaka pa mizinda ndi maufumu a ku Mesopotamia, Egypt, Kush, chigwa cha Indus ndi China.

Ndisanayambe n'kuchonga komwe, madzulo a tsiku lomwelo ndinali ndi kalasi ya aphunzitsi amene ali kale pantchito, ndipo inali nthawi yawo yolandira mitu. Ine sindipereka mutu ngati wakuti "Egypt wakale", chifukwa munthu amangotola zonse zimene wapeza n'kuzithira papepala. Ndimapereka funso. N'chifukwa chiyani zolemba zakale kwambiri za ku Uruk, mzinda wa ku Mesopotamia, za m'ma 3200 BC (Khristu asanabadwe), zambiri ndi zowerengera balere, nkhosa ndi mowa? Tingadziwe chiyani za anthu a ku Mohenjo-daro, mzinda wa m'chigwa cha Indus, pamene zolemba zawo palibe amene watha kuziwerenga mpaka lero?

Bambo ena amene amaphunzitsa ku Chawama anakweza dzanja. "Aphunzitsi, zonsezi ndi za kutali. Ana anga ndikawauza za Uruk adzangondiyang'ana."

Ndinawafunsa ngati anapitako ku Kabwe. Mu 1921 anthu okumba mgodi wa Broken Hill kumeneko anapeza chigaza cha munthu wakale, chimene akatswiri tsopano amati chili ndi zaka pafupifupi 300,000, ndipo mpaka lero chikusungidwa ku London. Ku mathithi a Kalambo, kufupi ndi Mbala, anafukula mitengo iwiri yosemedwa kuti ilumikizane, ya zaka zosachepera 476,000, ndipo nkhaniyo inalengezedwa mu 2023. Chaputala choyamba cha mbiri ya dziko lonse chili ndi dothi la kwathu kuno. Bambo aja anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Ndipatseni wa Kalambo umenewo."

Lachiwiri ndinachonga mapepala khumi ndi awiri, ndipo anayi anagwa pa dzenje limodzi: zaka za BC. Wina analemba kuti Hammurabi, amene analamulira Babylon kuyambira 1792 mpaka 1750 BC, anakhalako piramidi yaikulu ya ku Giza, ya m'ma 2560 BC, isanamangidwe, poti 1750 ndi nambala yaing'ono kuposa 2560. Sindiwadzudzula kwambiri. Moyo wawo wonse zaka zakhala zikukwera, ndiye lero auzidwe kuti zimatsika. Ndinaganiza zokamanga chingwe m'kalasi kuchokera pakhomo mpaka pawindo, aliyense adzapanike chaka chake ndi chopanira zovala.

Lachitatu usiku magetsi anathima kwathu ku Kabwata, ndipo ndinapitiriza ndi nyale ya sola. Pamenepo ndi pamene ndinafika pa pepala la mnyamata wina, lonena za malamulo a Hammurabi. Chingerezi chake chinali chosalala ngati cha m'buku. Zonse zinalimo: malamulo 282 olembedwa pa mwala wakuda wautali kuposa mamita awiri, umene Afalansa anaufukula ku Susa mu 1901 ndipo uli ku nyumba yosungira zinthu zakale ya Louvre mu Paris. Koma nditafika kumapeto mtima sunakhazikike. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa masamba asanu onse panalibe pamene mwini pepala anadabwa, kukayika kapena kufunsa. Ndipo pa mabuku amene anawatchula kumapeto, awiri ndinawafufuza pa foni koma osawapeza paliponse.

Lachinayi ndinamuitana ku ofesi. Sindinayambe ndi kumuimba mlandu. Ndinamufunsa kuti mwala wa mfumu ya ku Babylon unkatani ku Susa, dziko la eni, ku Iran wa lero. Anayang'ana pansi. Ndinamufunsa ngati lamulo la diso kulipa diso linkagwira aliyense.

"Inde, aphunzitsi, aliyense."

Ndinatsegula malamulowo n'kumupatsa kuti awerenge yekha. Lamulo 196 likuti wochotsa diso la mfulu, nayenso amuchotse diso. Lamulo 198 likuti ngati diso ndi la munthu wamba, alipire siliva. Lamulo 199 likuti ngati ndi la kapolo, alipire theka la mtengo wa kapoloyo. Anawerenga kawiri, n'kukweza mutu. "Ndiye kuti diso la wosauka linali lotchipa?"

Funso limenelo ndi limene ndinkalifuna m'pepala muja. Ndinamuuza kuti mwalawo anaulanda anthu a ku Elam, eni mzinda wa Susa, pa nkhondo patatha zaka mazana angapo Hammurabi atamwalira, komanso kuti mawu olembedwapo ndi a mfumu yodzitamanda yokha pamaso pa milungu, choncho wofufuza ayenera kufunsa ngati oweruza ankatsatiradi zimenezo. Kenaka anavomera yekha kuti pepala lonse linamulembera pulogalamu ya pa foni, chifukwa masana amathandiza amalume ake kugulitsa ku Soweto Market ndipo nthawi inamuthera. Zinandikhudza, koma malikisi sindinapereke. Ndinamuuza kuti, "Mwana wanga, mawa udzaima pamaso pa ana 60. Akadzakufunsa kuti mwadziwa bwanji, udzawayankha chiyani?" Malamulo a koleji amalola kulembanso kamodzi ndi malikisi odulidwa. Ndinamupatsa masabata awiri, ndipo mutu wake ndi funso lake lomwe lija.

Pepala limene landitsalira m'mutu ndi lina, la mayi ena ochokera ku Katete amene amakhala ku Mtendere. Funso lawo linali la chiyambi cha ulimi. Chingerezi chawo n'chopunthwa, ziganizo zina zimayamba koma osafika. Koma anayamba ndi kuvomera kuti ankakhulupirira kuti makolo athu akhala akulima chimanga kuyambira kalekale, mpaka atawerenga kuti chimanga chinayambira ku Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo ndipo chinafika ku Africa chaka cha 1500 chitadutsa. Ndiye anadzifunsa kuti nsima ya kale inali ya chiyani. Anaimbira foni agogo awo kumudzi, amene anawafotokozera za mapira ndi mawere, mmene ankapunthira ndi mmene ana ankakhalira m'munda kuingitsa mbalame. Kuchoka apo anayerekeza ndi tirigu ndi balere wa ku Middle East, wa zaka zoposa 10,000, ndi mpunga wa m'chigwa cha Yangtze ku China. Anafotokoza kuti zaka zimenezi zimadziwika poyeza kaboni wa njere zopserera zimene zimapezeka pofukula. Pena analemba kuti mabuku awiri amene anawerenga akusiyana pa chaka, n'kunena limene akulikhulupirira ndi chifukwa chake. Analekanitsanso bwino zimene agogo anaona ndi maso ndi zimene agogo anangomva.

Ndinawapatsa 74.

Lachisanu timasinthana mapepala angapo ndi mnzanga wa m'dipatimenti kuti tione ngati tikuchonga mofanana. Atawerenga la mayi aja anagwedeza mutu. "Achimwene, 74 pa Chingerezi chotere? Munthu ameneyu akukaphunzitsa ana." Nkhawa yawo ndi yoona ndipo sindinaipeputse. Koma ndinawaonetsa kagawidwe ka malikisi kamene tinagwirizana tonse kumayambiriro kwa chaka: 40 pa umboni, 30 pa mfundo ndi kulondoloza kwake, 10 pa funso, 10 pa katchulidwe ka mabuku, 10 pa chilankhulo. Pa chilankhulo ndinali nditawapatsa 4. Tinakambirana kwa theka la ola, mnzanga anandionetsa tsamba limodzi pamene mayiwo anatchula chaka popanda kunena kumene achitenga, ndipo tinagwirizana pa 71. Tinagwirizananso kuti mayiwo azibwera Lachitatu lililonse masana tiziwongola ziganizo pamodzi.

Loweruka ndinatsiriza mapepala asanu ndi anayi otsala. Masana ndinakwera minibasi kupita m'tauni kukagula chingwe cha mamita khumi ndi mapaketi atatu a zopanira zovala. Ndili m'basi uthenga unalowa pa WhatsApp kuchokera kwa bambo aja a ku Chawama, akufunsa kuti anthu a ku Kalambo anasema bwanji mitengo chitsulo kulibe. Ndinawayankha kuti ayambe afufuza za zida za miyala zimene zinafukulidwa pamalo omwewo, ndipo Lolemba abwere ndi zimene apeza.