Masamba a mombo andidyera masabata atatu ku Mchinji

Ndabwerako dzulo, timachubu tonse 48 tili mufiriji ya ku labu, ndipo mtima wangokhala pansi tsopano. Amene mukufuna kuchita kafukufuku wa Rubisco, puloteni ya m'masamba, pa mitengo ya m'nkhalango zathu, imvani zomwe ndakumana nazo. Za kalata ya aphunzitsi ndi mafomu a kusukulu sindinena, mukuzidziwa kale.

Chachikulu ndi ichi: tsamba mulithyole pa ola lomwe mwakonza, osati ola lomwe ofesi yakumasulani.

Rubisco ndi enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'maselo) yomwe imagwira carbon dioxide m'tsamba kuti mtengo upange shuga, koma sikhala yogalamuka nthawi zonse. Dzuwa likatuluka, pH (muyeso wa asidi) ya mu chloroplast, kachigawo ka selo komwe shuga amapangidwira, imakwera kuchoka pa 7 kufika cha pa 8, magnesium amachuluka, ndiyeno carbon dioxide ndi magnesium yo zimakhala pa enzyme n'kuidzutsa. Palinso puloteni ina, Rubisco activase, yomwe Salvucci, Portis ndi Ogren anaifotokoza mu 1985. Ntchito yake n'kuchotsa tishuga tomwe timakanirira pamalo pomwe Rubisco amagwirira ntchito. Koma activase yu ndi wamantha ndi kutentha. Tsamba likafika cha pa madigiri 35 kupita m'mwamba amayamba kufooka, Rubisco nayenso n'kuwodzera. Ndiye tsamba la 8 koloko m'mawa ndi tsamba la 1 koloko masana, mtengo womwewo, nthambi yomweyo, manambala ake ndi osiyana.

Tsopano ofesi ija. Sindiitchula. Chilolezo cholowera m'nkhalango chimafuna siginecha ya munthu mmodzi, ndipo munthuyo Lolemba anali kumaliro, Lachiwiri kumsonkhano. Lachitatu ndinafika 7 koloko, nayitrojeni wamadzi woziziritsira masamba ali kale mufulasiki, akuuluka pang'onopang'ono. Mayi a pa desiki anati, "Achimwene, takhalani pa benchipo, bwana angotuluka pang'ono." Ndinakhala. Ndinawerenga kalendala ya pakhoma mpaka kuiloweza. Bwana anafika 11 itadutsa, anasaina osawerenga n'komwe, kenako akuti, "Chidindo chili ndi mnzathu, wapita kukadya." Chidindo kupita kukadya! Ndinatuluka pamenepo dzuwa lili paliwombo, mwezi wa Okutobala, ndipo chifukwa cha kupsa mtima ndinakwera kabaza n'kukathyolabe masambawo.

Zotsatira zake zinali zamanyazi. Paja timayeza kawiri: mphamvu ya enzyme pomwe yangotuluka m'tsamba, ndi mphamvu yake yonse titaidzutsa ndi carbon dioxide ndi magnesium mu chubu. Yachiwiriyo inali bwinobwino, yoyambayo ili pansi zedi. Aphunzitsi anangoyang'ana pepala n'kufunsa kuti, "Munathyola nthawi yanji?" Ndinalibe poyankha, chifukwa nthawiyo sindinalembe n'komwe. Masana otentha chonchija timabowo ta m'masamba timakhala titatsekeka kuti mtengo usataye madzi, activase ali lefu. Ndinayeza mtengo uli mtulo.

Ndaiwala kunena za ayisi. Ulendo woyamba weniweni, usanafike wa chidindowu, ndinapita ndi ayisi wa m'golosale mu kachikwama kozizira, poganiza kuti ndapulumutsa ndalama. Musayerekeze. Rubisco amasintha m'timphindi tochepa tsamba likangochoka padzuwa, ndipo ayisi sangamuimitse. Pamafunika nayitrojeni wamadzi, wa madigiri -196, ndipo kachidutswa ka tsamba kagwere mmenemo muli pansi pa mtengo pomwepo. Ine ndinkakamutenga ku Lilongwe, mtunda wopitirira makilomita 100, ndipo kondakitala wina anandikaniza kukwera ataona utsi woyera ukutuluka pa chivindikiro. Ndikaganiza bwino sanalakwe, chinthuchi sichiyenera kukhala m'galimoto yotseka mawindo. Chivindikirocho musachimange zolimba, mpweya uzituluka. Pemphani galimoto ya kusukulu, fulasiki ikhale kumbuyo.

Chinanso, nyengo ya Okutobala mombo ndi mitondo imakhala itaphuka masamba ofiira aja, okongola mpaka kufuna kuwathyola onse. Amenewo ndi anthete, sanakhwime, musawasakanize ndi obiriwira. A padzuwa paokha, a mumthunzi paokha. Mlonda wa nkhalango amene anandiperekeza, mdala wodekha, ndiye anandionetsa mitengo yomwe dzuwa la m'mawa limayamba kuwomba. Kaya anadziwa bwanji kuti ndikufuna zimenezo. Mumugulireko ka chakumwa.

Ulendo wachitatu ndinatenga chilolezo Lachisanu, ndinagona ku boma, Loweruka 6 koloko ndili kale m'tsinde mwa mtengo. Ndinathyola 7, 9, 11 ndi 1 koloko, chubu chilichonse ndi ola lake lolembedwa ndi maka yosafufutika. Lembani ola, anzanga, lembani ola. Ndipo chilolezo mutenge dzulo lake, chidindo chili pomwepo, muchione ndi maso anu musanatuluke pakhomo.